Kodi Glassdoor ingakuuzeni zoona za malipiro a demonstrator wa ku yunivesite?

Glassdoor ndi tsamba la pa intaneti limene anthu apantchito amalembapo, mosaonetsa mayina awo, ndalama zimene amalandira ndiponso mmene owalemba ntchito amawasungira, kuti anzawo amene akusaka ntchito adziwiretu za kumene akupita. Linatsegulidwa ku America mu 2008, ndipo mu 2018 linagulidwa pa mtengo wa madola 1.2 biliyoni ndi kampani ya ku Japan ya Recruit Holdings, yomwe inali itagula kale tsamba lina lolengeza ntchito la Indeed. Pa ntchito za m'makampani akuluakulu, kumene anthu mazanamazana ali pa udindo umodzimodzi ndipo amalandira malipiro a pamwezi chaka chonse, tsambali limathandiza ndithu. Pano ndikuliyesa pa ntchito imodzi yokha, ya demonstrator wa ku yunivesite, popeza ophunzira a masters ndi a PhD ambiri amathamangira kumeneko akangopemphedwa kuti azikathandiza m'labotale, pofuna kudziwa ngati ndalama zimene awalonjezazo n'zoyenera kapena akuwadyera masuku pamutu.

Chigamulo changa n'chakuti manambala a malipiro amene Glassdoor imaonetsa pa ntchito imeneyi si oti munthu n'kuwadalira pokonza bajeti kapena pokambirana ndi dipatimenti, koma ndemanga zimene anthu amalemba m'mawu awoawo n'zopindulitsa kuziwerenga. Vuto silichokera pa bodza la aliyense ayi. Limachokera pa mpangidwe wa ntchitoyo, umene sugwirizana ndi mmene tsambali limasonkhanitsira ndi kuwerengetsera ndalama.

Demonstrator ndi munthu amene amayendayenda pakati pa mabenchi a labotale pamene ophunzira a digiri yoyamba akuyesa ndi manja zimene lekichala anawaphunzitsa m'kalasi. Pa phunziro la chemistry, iyeyu ndi amene amaima pambali pa wophunzira n'kumuuza kuti atsitse mutu mpaka diso lifanane ndi mlingo wa madzi a mu burette, chubu chagalasi choyezera madzi, asanalembe nambala, amene amaletsa wina kutsegula botolo la asidi kunja kwa kabati yokoka mpweya woipa, ndiponso amene amakumbutsa gulu lonse kuti magalasi oteteza maso savulidwa mpaka munthu atatuluka pakhomo. Pa biology amathandiza kupeza chinthu pa microscope pamene wophunzira akungoona mdima, ndipo m'labotale ya makompyuta amawerama pa sikirini n'kufufuza chifukwa chimene pulogalamu ikukanira kuyenda. Kawirikawiri gawo limodzi lotere limatenga maola awiri kapena atatu, limachitika kamodzi kapena kawiri pa sabata, ndipo limakhalapo pa masabata ophunzitsa okha. Dzina la udindowu ndi lofala kwambiri ku Britain, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa, pomwe ku America ntchito yomweyi imagwiridwa ndi amene amatchedwa teaching assistant.

Kagwiritsidwe ntchito ka tsambali n'kosavuta ndipo salipiritsa ndalama, komabe mtengo wake ulipo wa mtundu wina: kuti muone zonse, limafuna kuti mutsegule akaunti ndipo inunso mulembepo kanthu, kaya malipiro anu, kaya ndemanga ya kumene munagwirako ntchito, kaya mmene anakufunsirani mafunso polembedwa. Mukalemba dzina la udindo ndi dziko kapena mzinda, limakuonetsani nambala yapakati, malire a m'munsi ndi a m'mwamba, kenako mndandanda wa mabungwe amene anthu awo anaperekako manambala. Pali chinthu chimodzi chimene ndikuchiyamikira, chimene owerenga ambiri amachidumpha: tsambali limasonyeza kuti anthu amene apereka malipiro pa udindowo ndi angati. Pa demonstrator wa yunivesite imodzi, chiwerengero chimenecho chimakhala chochepa, ndipo pamene opereka ali ochepa, munthu mmodzi amene walakwitsa polemba amakokera nambala yonse kumbali yake.

Cholakwika chachikulu chili pa nambala ya pachaka. Demonstrator amalipidwa pa ola, koma masamba a malipiro amakonda kuonetsa ndalama za chaka chathunthu, ndipo kuti afike pamenepo amatenga mtengo wa ola n'kuuchulukitsa ngati kuti munthuyo amagwira ntchito tsiku lonse, sabata iliyonse. Titenge chitsanzo chongoyerekeza cha munthu amene amalandira mapaundi 16 pa ola. Mukachulukitsa ndi maola 37.5 pa sabata kwa masabata 52, mupeza mapaundi 31,200, ndalama yooneka ngati ya munthu wolembedwa ntchito yokhazikika. Koma ngati munthuyo ali ndi magawo awiri a maola atatu pa sabata, ndipo labotale imatsegulidwa masabata 20 pa chaka, ndalama imene idzalowedi ku banki ndi mapaundi 1,920. Zili ngati kuyeza mvula ya tsiku limodzi la dzinja n'kuichulukitsa ndi masiku onse a chaka. Palinso anthu ena amene, pofuna kunena chilungamo, amalemba ndalama yeniyeni yochepayo m'bokosi la pachaka, ndipo ena amaphatikizamo ndalama ya sikolashipi yawo, moti manambala atatu osiyana kotheratu amakathera mu dengu limodzi n'kutulutsa nambala yapakati imene palibe demonstrator ndi mmodzi yemwe amene anailandirapo.

Kusakanizika kwina kumabwera chifukwa chakuti udindo wa dzina lomweli umapezeka m'ntchito zosayenderana. M'masitolo akuluakulu muli anthu amene amaonetsa makasitomala kagwiritsidwe ntchito ka katundu watsopano, ndipo bungwe la boma la America losunga ziwerengero za ntchito, Bureau of Labor Statistics, lili ndi gulu lakelake la anthu amenewa. Mukasaka popanda kutchula yunivesite, malipiro awo amalowa m'zimene mukuona. M'masukulu a zaudokotala muli anatomy demonstrator, amene nthawi zambiri amakhala dokotala womaliza kale maphunziro, wophunzitsa ziwalo za thupi kwa miyezi ingapo kapena chaka pamene akukonzekera mayeso a udokotala wa opaleshoni, ndipo malipiro ake amakhala a pamwezi. Madipatimenti ena amalembanso senior demonstrator wokhazikika amene amayang'anira labotale yonse. Tsambali lilibe njira yodalirika yolekanitsira anthu amenewa, ndiye ntchito yosefa imatsalira wowerenga, amene ayenera kutsegula bungwe lililonse payekha n'kuona ngati ndi yunivesite kapena sitolo.

Nanga nambala yoona ili pati? Ku Britain, mitengo yambiri imene mayunivesite akhala akusindikiza m'zaka zaposachedwazi ili pakati pa mapaundi 13 ndi 20 pa ola, pomwe malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi lamulo kwa munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo anali mapaundi 11.44 kuyambira mu Epulo 2024 ndipo anakwera kufika pa 12.21 mu Epulo 2025. Izi zikusonyeza kuti demonstrator wa pa mlingo wapansi sali patali kwenikweni ndi malire a lamulo, ngakhale ali ndi digiri yabwino ndipo moyo wa ophunzira uli m'manja mwake pamene akugwira mankhwala oopsa. Mitengoyi sichokera m'mutu mwa mkulu wa dipatimenti. Mayunivesite ambiri a kumeneko amatsatira makwerero amodzi a malipiro a dziko lonse okhala ndi masitepe 51, amene bungwe la olemba ntchito la UCEA limakambirana chaka ndi chaka ndi mabungwe a anthu apantchito monga UCU ndi Unison. Yunivesite iliyonse imasankha sitepe imene ikuika demonstrator, n'kugawa malipiro a pachaka a sitepeyo ndi maola a chaka kuti ipeze mtengo wa ola. Kumeneko n'kumene kusiyana kwa yunivesite ina ndi inzake kumayambira, ndipo a ku London amawonjezeranso kangachepe chifukwa cha kukwera mtengo kwa zinthu mumzindawo. Glassdoor sikuuzani sitepe imene nambala iliyonse yachokera, komanso imasunga manambala a zaka zam'mbuyo amene anapitidwa kale ndi kukwera kwa malipiro.

Mbali imene ndikuona kuti ndi yofunika kuposa zonse, ndipo tsambali silingathe kuigwira n'komwe, ndi ya tanthauzo la ola lolipidwa. Gawo la maola atatu silitha m'maola atatu. Demonstrator wosamala amawerengeratu buku la malangizo a phunzirolo dzulo lake, amapita ku msonkhano waufupi umene lekichala amaitanitsa, amafika ophunzira asanalowe kuti aone ngati zipangizo zili m'malo, amatsalira pamene gulu lochedwa likutsuka magalasi, ndipo kumapeto kwa sabata amanyamula mulu wa malipoti oti akachonge. Yunivesite ina imalipira maola atatu okhawo, ina imawonjezera theka la ola kapena ola lathunthu la kukonzekera, ina imalipira kuchonga padera pa ola, ndipo ina imaika mtengo pa lipoti lililonse poganiza kuti limatha m'mphindi zowerengeka. Munthu wolandira mapaundi 18 pa ola popanda malipiro a kukonzekera, amene gawo lake la maola atatu limamudyera maola asanu, kwenikweni akulandira mapaundi 10.80 pa ola, pomwe mnzake wolandira mapaundi 15 pa maola onse asanu ali bwino kwambiri. Pa tsambali woyambayo ndi amene amaoneka wolemera.

Ku Australia nkhani imeneyi inalembedwa m'mapangano mwatsatanetsatane, ndipo ndi chitsanzo chabwino cha zimene nambala yopanda kufotokozera imabisa. Kumeneko ola la tutorial, phunziro la kagulu kochepa ka ophunzira, limalipidwa pamodzi ndi maola ena awiri a kukonzekera ndi zina zokhudzana nalo, ndipo tutorial yobwereza imapatsidwa ola limodzi lowonjezera, pomwe ntchito ya demonstrator imalipidwa ola ndi ola. N'chifukwa chake mtengo wa tutorial umaoneka ngati kuwirikiza katatu wa demonstrator, chonsecho maziko ake ndi amodzi. M'mayunivesite akuluakulu mtengo wa demonstrator kawirikawiri umapitirira madola 45 a ku Australia pa ola, ndipo amene ali kale ndi PhD amapatsidwa mtengo wokwererapo. Mmenemo muli kale 25 peresenti imene ogwira ntchito ya apo ndi apo amawonjezeredwa chifukwa alibe tchuthi cholipidwa ndiponso sapatsidwa kanthu akadwala. Kuti nkhani ya maola osalipidwa si yaing'ono zinaonekera mu Disembala 2024, pamene University of Melbourne inachita pangano ndi ofesi ya boma yoona za ufulu wa antchito ya Fair Work Ombudsman lobweza madola 72 miliyoni a ku Australia kwa antchito oposa 25,000 amene analipidwa moperewera kwa zaka zambiri, ambiri mwa iwo aphunzitsi a apo ndi apo amene kuchonga kwawo kunkawerengedwa ndi muyeso woikiratu m'malo mwa nthawi yeniyeni imene anathera. Aliyense wa anthu amenewa akanalemba mtengo wake wa ola pa Glassdoor, ukanaoneka wabwinobwino.

Ku Britain kuli kachinthu kofanana nako ka ndalama ya tchuthi. Lamulo limapatsa wantchito masabata 5.6 a tchuthi cholipidwa pa chaka, ndipo kwa amene maola awo sakhazikika, zimenezi zimawerengedwa ngati 12.07 peresenti ya zimene agwira. Mayunivesite ena amalengeza mtengo wa ola umene muli kale ndalama imeneyi, ena amaionetsa pa mzere wakewake. Pa chitsanzo chathu chija cha mapaundi 16, munthu wina alemba 16 ndipo mnzake wa pa benchi yomweyo alemba 17.93, onse akunena zoona.

Kuchuluka kwa maola nakonso kuli ndi malire amene tsambali silitchula. Wophunzira wochokera kunja amene ali ndi viza ya sukulu ku Britain saloledwa kupitirira maola 20 pa sabata nthawi ya teremu, ndipo ku America a viza ya F-1 nawonso malire awo ndi maola 20 pa ntchito ya pasukulupo. Kupatula lamulo, mayunivesite ambiri a ku Britain amalangiza ophunzira a PhD kuti asapitirire maola pafupifupi 6 pa sabata, kuopa kuti kafukufuku wawo angaime. Choncho ntchitoyi imakhala yongowonjezera pa sikolashipi osati yodalira pa moyo. Ndalama yotsikitsitsa imene bungwe la boma la Britain lothandiza kafukufuku la UKRI limapereka kwa wophunzira wa PhD inali mapaundi 19,237 m'chaka cha maphunziro cha 2024/25 ndipo inakwera kufika pa 20,780 mu 2025/26. Imeneyi siidulidwa msonkho, pomwe ya demonstrator ndi malipiro a ntchito odulidwa msonkho, kungoti popeza mapaundi 12,570 oyambirira a pachaka sakhudzidwa, ambiri amailandira pafupifupi yathunthu. Kwa amene akudzilipirira yekha sukulu nkhani ndi yosiyana: iye amafuna maola ochuluka mmene angathere, ndipo amene amagawa maolawo ndi lekichala kapena mlembi wa dipatimenti, nthawi zina sabata imodzi yokha teremu isanayambe. Phunziro limene munthu ali nalo limalowereraponso, osati kwenikweni pa mtengo wa ola koma pa kuchuluka kwa ntchito, pakuti madipatimenti okhala ndi makalasi akuluakulu a chaka choyamba, monga chemistry, physics, uinjiniya ndi sayansi ya makompyuta, amafuna anthu ambiri chaka chilichonse.

Ku America kuyerekeza kumavutiratu, ndipo wowerenga amene sanasinthe dziko pa tsambali angasokonezeke. Teaching assistant wa kumeneko kawirikawiri salipidwa pa ola koma amapatsidwa ndalama ya pamwezi pa ntchito ya theka la nthawi, kuphatikizapo kukhululukiridwa fizi ndi inshulansi ya zaumoyo, zinthu zimene mtengo wake nthawi zina umaposa malipiro enieniwo ndipo sizioneka pa nambala ya Glassdoor. Kumenekonso mphamvu ya bungwe la antchito imasintha zinthu msanga. Kumapeto kwa 2022 antchito a zamaphunziro pafupifupi 48,000 a University of California ananyanyala ntchito kwa masabata pafupifupi 6, ndipo pangano limene linatuluka linakweza malipiro otsikitsitsa a teaching assistant kuchoka pa madola pafupifupi 23,000 kufika pa 34,000 pa miyezi 9 pofika mu Okutobala 2024. Tsamba limene limaphatikiza manambala a zaka zingapo limatenga nthawi kuti lionetse kulumpha kotereku.

Zabwino za tsambali zili m'ndemanga. Anthu akamalemba m'mawu, amatchula zinthu zimene palibe chikalata cha yunivesite chingavomereze: ngati mafomu a maola amachedwa kusainidwa moti ntchito ya mwezi uno imalipidwa miyezi iwiri kutsogolo, ngati gawo likathetsedwa mwadzidzidzi munthu amalipidwabe, ngati maphunziro a chitetezo amene amakakamizidwa kuchita asanayambe ntchito amawerengedwa ngati maola olipidwa, ndiponso ngati demonstrator mmodzi amapatsidwa ophunzira ochepa oti n'kuwayang'anira bwino kapena chipinda chonse. Vuto lake n'lakuti ndemanga za yunivesite zimaphatikiza aliyense, kuyambira mapulofesa mpaka ogwira ntchito m'nyumba zogona ophunzira, ndiye pamafunika kusefa ndi dzina la udindo ndiponso kudekha. Tiyenera kukumbukiranso kuti amene amakhala pansi n'kulemba ndemanga nthawi zambiri ndi amene wakwiya kwambiri kapena wasangalala kwambiri, moti dandaulo limene labwerezedwa ndi anthu angapo m'zaka zosiyanasiyana ndi limene liyenera kulemera, osati mkwiyo wa munthu mmodzi.

Pa nkhani ya chinsinsi ndikulangiza kusamala. Glassdoor itagula pulogalamu yochezera ya Fishbowl mu 2021, inayamba kufuna dzina lenileni la munthu pa akaunti, ngakhale ndemanga zimatulukabe zopanda dzina. Koma ngakhale dzina litabisika, dipatimenti imene ili ndi ma demonstrator ochepa siingavutike kuzindikira wolembayo ngati watchula phunziro, chaka ndi chochitika china, ndipo munthu amene angaipidwe ndi ndemangayo akhoza kukhala yemweyo amene akuyang'anira kafukufuku wake kapena amene adzamulembere kalata ya umboni. Pa ntchito zina munthu amadandaula atachoka kale. Demonstrator amakhala adakali m'manja mwa omwewo kwa zaka zingapo.

Amene akufuna nambala yeniyeni aipeza mosavuta kwina. Mayunivesite ambiri a ku Britain ndi Australia amaika poyera pa masamba awo ndandanda ya mitengo ya ola ya antchito a apo ndi apo, yokhala ndi deti limene inayambira kugwira ntchito, ndipo mapangano a mayunivesite a ku Australia ndi zikalata zimene aliyense angawerenge. Nthambi ya bungwe la antchito pa yunivesitepo imadziwanso sitepe yoyenera pa ntchito iliyonse, ndipo zilengezo za ntchito pa masamba ngati jobs.ac.uk zimatchula giredi ndi malipiro ochokera kwa olemba ntchito eni ake. Zikalata zimenezi n'zotopetsa kuwerenga poyerekeza ndi nambala imodzi yaikulu ya pa Glassdoor, koma ndi zimene ofesi ya malipiro imagwiritsa ntchito. Mukapeza mtengowo, lembani kalata kwa amene akukupatsani ntchito muwafunse kuti akuyankheni polemba ngati kukonzekera, msonkhano wa lekichala ndi kuchonga zili ndi maola akeake, ngati ndalama ya tchuthi ili kale mu mtengowo, ndiponso kuti ndi magawo angati amene akukutsimikizirani pa teremu.

Ndipo ngati tsambali likukakamizani kupereka malipiro anu kuti muone za ena, sankhani bokosi la pa ola osati la pachaka, musaphatikizemo sikolashipi, ndipo m'ndemanga mutchule ngati nthawi yokonzekera ndi yochonga inkalipidwa, popanda kutchula phunziro kapena chaka chimene chingakuululeni.